Chaka Chimene Tinafunditsa Denga

Ndinakulira kumunsi kwa mapiri, cha ku Golomoti, kumene munthu amadzuka m'mawa ali kale ndi thukuta. Choncho pamene ndinalembedwa ntchito yophunzitsa zosoka pasukulu ina ya ntchito zamanja kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, ndinanyamula juzi imodzi yokha, yopyapyala, imene kwathu ndinkangotchenera popita kutchalitchi. Ndinali ndisanakwatiwe, ndipo aka kanali koyamba kukhala kutali ndi mayi anga. Ndinafika mvula ikutha, chimanga chikuyamba kuuma m'minda.

Sukuluyo inali ya mishoni. Anyamata ankaphunzira kumanga ndi ukalipentala, atsikana kusoka ndi kuluka. Makalasi onse anali m'nyumba imodzi yaitali ya malata yoyang'ana kumsewu, ndipo chipinda changa chinali chakumapeto. Amene anajambula pulani ya nyumbayo ayenera kuti ankaganiza za malo otentha ngati kwathu. Khoma lakutsogolo linali mazenera okhaokha a timagalasi topingasa, tambiri tosweka, ndipo pamwamba pa mazenerawo panali mzere wa njerwa zosiya mipata kuti mphepo izilowa. Inkalowadi, poti mwera unkachokera mbali yomweyo. Khoma lakumbuyo linalibe zenera ndi limodzi lomwe. Siling'i munalibe. Ukayang'ana m'mwamba unkangoona mapaso ndi malata.

Chisanu chitafika, chimene chinandidabwitsa kwambiri sichinali kuzizira koma mvula ya m'nyumba. Kunja kumwamba kuli mbee, popanda ndi kamtambo komwe, koma tikangokhala pang'ono m'kalasi madontho ankayamba kugwa kuchokera ku malata. Ankagwa ndi dzimbiri. Nthawi imeneyo tinkasoka malaya oyera a ana olandira Ukaristia woyamba, ndipo dontho limodzi linkatha kuwononga ntchito imene mtsikana waivutikira sabata yonse. Makina osokera tinkawafunditsa ziguduli tikamaweruka, komabe ankachita dzimbiri.

Ine ndinkaganiza kuti denga likudontha, ngakhale sindinkamvetsa kuti madziwo akuchokera kuti popanda mvula. Ndinakawauza aphunzitsi a zomanga, bambo wachikulire wa ku Kabwazi amene anagwirapo ntchito ku Joni, amene tonse tinkangowatchula kuti amisiri. Anabwera, nakwera patebulo, nayang'ana malatawo nthawi yaitali. Potsika anapukuta dzanja ku ovololo yawo.

"Denga ili silikudontha, aphunzitsi," anatero. "Madzi amenewa ndi anu omwe. Mukupuma inu ndi ana anuwa."

Anthu a kumapiri kuno amaseleula mlendo osamwetulira, ndiye sindinadziwe ngati akunena zoona. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinakatsekula chipindacho ndekha. Munali mozizira kuposa masiku onse, koma malata anali ouma. Lolemba tinalowa tonse, tinatseka chitseko, ndipo pasanapite nthawi madontho anayamba. Madzulo ake ndikuphika ndinavundukula mphika, ndinaona madzi akutsetsereka kunsi kwa chivindikiro, ndipo ndinaima nacho m'manja mpaka ndiwo zinatsala pang'ono kupserera. Chivindikiro ndinali nditachigwira moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanadzifunsepo kuti madzi amenewo amafikapo bwanji.

Chisanucho tinkalimbana nacho m'njira zimene tinkadziwa. Mazenera tinkawatseka ndi ziguduli, m'chipinda n'kuchita mdima, ndiye tinkayatsa nyali dzuwa likuswa mtengo. Pakati pa chipinda tinkaika mbaula. Atsikana okhala pafupi ndi mbaula ankadandaula mutu, okhala kutali zala zinkawauma mpaka kulephera kulowetsa ulusi m'singano. Zinali zaka zimene palafini ankasowasowa m'masitolo a ku Chimbiya. Makala ndi nkhuni nazo zinali zovuta, chifukwa alonda a nkhalango sankalola kuti munthu adule mtengo wauwisi, ndipo zouma zinkatoledwa ndi amayi a m'midzi kusanache bwino. Tsiku lina mtsikana wina anakomoka ali pamakina, tinachita kumunyamulira panja kuti apitidwe mphepo. Anatsitsimuka, koma nkhaniyo inawafika ahedi.

Ahedi athu anali bambo wa ku Dedza komweko, wochepa thupi, wolankhula pang'onopang'ono, amene anakaphunzirako kudziko lina lozizira kutsidya la nyanja. Chisanu chikutha anaitanitsa aphunzitsi tonse. Anati sukulu singapitirize kuotcha makala ndi palafini kuti itenthetse mphepo ya pamsewu. Malata ena anali atatha kale ndi dzimbiri, ndipo akumishoni anali atavomera kugula atsopano. Iwo anati popeza denga likusasulidwa, ndi bwino kukonzeratu nyumba yonse. Mazenera akutsogolo atsekedwe ndi njerwa, patsale ang'onoang'ono. Kumbuyo, kumene dzuwa limapendekera nyengo yachisanu, kubooledwe mazenera aakulu. Kenaka paikidwe siling'i ya matabwa, ndipo pamwamba pa siling'iyo payalidwe chinthu chofunditsa. Ntchito yonse igwiridwe ndi anyamata a pasukulupo, ikhale mayeso awo.

Chofunditsacho ndicho chinavuta. Ahedi anati kumene anapitako kunali chinthu chonga thonje chopangidwa kufakitale, koma kuno kunalibe. Wina anati udzu, amisiri anakana poopa moto. Wina anati makoko a chimanga, onse anaseka poganiza za makoswe. Aphunzitsi a ukalipentala ndiwo anatchula utuchi. Anati kumacheka a mitengo ya paini kunali milu ya utuchi imene eni ake ankangoiotcha, ndipo ukausakaniza ndi laimu chiswe ndi makoswe sizingauyandikire. Funso linatsala linali lakuti utuchiwo uletsedwa bwanji kuwaza m'mipata ya matabwa n'kumatigwera m'maso. Ndinati ife tikhoza kusoka matumba aafupi, ophwatalala ngati matiresi a mwana. Anavomera.

Koma ine ndinali ndi funso langa, ndipo ndinalifunsa pomwepo. Ndinati mbaula ndikuimvetsa chifukwa ili ndi moto, nanga utuchi utitenthetsa ndi chiyani? Ahedi anayankha mofatsa kuti bulangeti nalo lilibe moto. Anthu anagwedeza mitu, msonkhano n'kutha. Ine ndinatuluka ndisanakhutire. Bulangeti umalifunda pathupi, limakukhudza. Utuchi ukakhala kumwamba uko, kutali ndi munthu, ndipo pakati pake pali chipinda chonse.

Ngolo yoyamba ya utuchi itafika ndinatapako wodzaza dengu n'kupita nawo kunyumba kwanga. M'mawa mwake ndinatereka nyemba zimene ndinaziviika dzulo lake. Zitawira bwinobwino ndinaphula mphikawo, ndinaukulunga m'kansalu, ndinaukwirira mu utuchi uja uli wovindikira, n'kuika chiguduli pamwamba. Ndinapita kukalasi, koma mtima wonse unali kudengu. Atsikana anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Poweruka ndinachita ngati ndithamange. Nditapisa dzanja mu utuchimo ndinalibweza msanga, mphika unali wotentha woti sungaugwire. Nyemba zinali zitapsa, zofewa, popanda chikuni chimodzi chowonjezera.

Sindinalekere pomwepo. Masiku otsatira ndinayesa ndi mchenga, nyemba zinatuluka zolimba. Ndinayesa ndi udzu wouma, zinapsa ndithu koma osafika pa za utuchi. Ndinayesa ndi utuchi umene ndinauwaza madzi, ndipo pobwera ndinapeza mphika uli zii. Sabata imeneyo ndinadya nyemba m'mawa, masana ndi madzulo, zina zakupsa zina zosapsa. Apa m'pamene ndinazindikira ndekha kuti utuchi supereka kutentha kulikonse. Umangokukaniza njira kutentha kumene kulipo kale, ndipo umatero pokhapokha uli wouma. Ndinawatengera amisiri mbale ya nyembazo n'kuwafotokozera zonse. Anadya, anati mchere wachepa, kenaka anafunsa ngati ndingawabwereke dengulo kuti akawaonetse akazi awo. Silinabwerenso.

Ntchito inayamba chisanu chitangotha, m'nyengo ya mphepo ya fumbi. Makalasi tinkachitira pansi pa mitengo ndi m'nyumba yodyera. Anyamata anasasula malata akale, mileme inatuluka m'mapaso n'kumazungulira masana osadziwa kolowera. Ife tinkasoka matumba kuchokera ku masaka a feteleza ndi ziguduli zimene makolo anasonkha. Makina athu sanazolowere nsalu yolimba chotero, masingano ankathyoka, ndiye ambiri tinawasoka pamanja ndi zisongole zosokera matumba a fodya. Kusakaniza utuchi ndi laimu inali ntchito yoipa. Laimu ankaluma m'manja ndi m'mphuno, ndipo atsikana ankatuluka m'shedi nsidze zili mbuu ngati nkhalamba. Tinkamanga timipango kukamwa. Fungo la paini linalowa paliponse, m'zovala, m'tsitsi, ngakhale mu tiyi.

Ndikapeza mpata ndinkapita kukaonerera amisiri akuboola khoma lakumbuyo. Ndinkadabwa kuti khoma lingachotsedwe njerwa pakati osagwa. Anandionetsa mmene ankayambira ndi kulowetsa mtanda wa simenti pamwamba, n'kudikira kuti ugwire, kenaka n'kumachotsa njerwa za pansi pake imodziimodzi. Njerwa zomwezo anyamata ankazipala n'kuzinyamulira kutsogolo kukatsekera mazenera akale. Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji pamene dzuwa lidzafike nyengo yachisanu, poti tsopano linali litabwerera pamutu. Anandilozera ndere za pakhoma. Kutsogolo khoma linali lobiriwira m'munsi monse, kumbuyo linali louma, ndipo pansi pake panali posalala pamene ophunzira ankakhala pootha dzuwa nthawi yopuma. Ine ndemwe ndinali nditakhalapo kambirimbiri osaganizira kuti n'chifukwa chiyani timathawira kumeneko.

Khoma lakutsogolo litayamba kutsekeka, anthu a m'midzi anayamba kulankhula. Ankati sukulu yafulatira msewu. Anali ndi chifukwa. Amayi ochokera kunkhuni anazolowera kuima pamsewu, mtolo uli pamutu, n'kusuzumira pazenera kuti aone ana awo ali pamakina. Ena ankapereka chimanga chootcha kudzera pa timagalasi tosweka tija. Tsopano ankangoona njerwa. Mayi wina anandiimitsa panjira n'kundifunsa ngati tikubisa kanthu. Ndinamufotokozera za mphepo, anamvetsera mwaulemu, koma ndinaona kuti sanakondwe.

Kenaka kunabwera wapampando wa chipani m'deralo, amene mwana wake anali mmodzi wa anyamata omangawo. Anatsamiritsa njinga pamtengo, anazungulira nyumba yonse manja ali kumbuyo. Nkhawa yake inali yakuti alendo a boma akamadutsa pamsewu adzaona chinyumba chopanda maso ngati ndende, ndipo wofunsidwa adzakhala iye. Ahedi anamulandira muofesi, anakambirana nthawi yaitali. Anagwirizana kuti zitseko zonse zikhalebe kutsogolo, khoma lipakidwe njereza, mbendera isunthidwe ifike pakati penipeni, ndipo m'mbali mwa khonde mubzalidwe maluwa. Potuluka analowa m'chipinda changa, mmene akalipentala anali atayamba kukhoma siling'i. Anayang'ana m'mwamba n'kufunsa kuti chithunzi chikhala pati.

Tonse tinadziwa chithunzi chimene ankanena. Masiku amenewo chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinkapachikidwa m'chipinda chilichonse, ndipo panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba kuposa icho. Kale khoma linali lalitali mpaka kumalata, malo anali ambiri. Chithunzi chinali pamwamba, mtanda wa mpingo ndi wotchi m'munsi pang'ono. Tsopano siling'i inali itadula khomalo, ndipo pakati pa bolodi ndi matabwa panangotsala kampata. Amisiri anatenga chingwe, anayeza chithunzi, anayeza kampatako, chinakwana ndendende. Anayeza mtanda, unali wautali. Nkhani zotere sitinkazikambirana, tinkangoyeza. Mtanda anaukhoma pakhoma lakumbuyo pakati pa mazenera atsopano, m'munsi ndithu, ndipo wotchi inapita kuofesi. Wapampando anagwedeza mutu, natenga njinga yake.

Ntchito inatha mvula yoyamba itagwa kale. Matumba athu anayalidwa pamwamba pa siling'i mothithikana. Mipata yonse ya pansi pa malata, ndi ija ya njerwa, anyamata anaimata ndi dothi kuti mphepo isapeze polowera. Tonse tinaona kuti n'zanzeru. Pakona ya chipinda changa anasiya kachitseko kolowera kudenga. Nyengo yonse ya dzinja chimene tinaona chinali chakuti mvula ikamagwa tinkamvana polankhula, pamene kale tinkachita kusiya phunziro mpaka ikate. Za kutentha tinayenera kudikira.

Chisanu chinabweranso. M'mawa wina ndinapeza udzu wa pabwalo utayera, madzi a m'beseni la nkhuku atachita kakhungu kolimba pamwamba. Ndinalowa m'kalasi ndikuyembekeza zakale. Munali mozizira ndithu poyamba, koma dzuwa litangotuluka kuseri kwa phiri linalowa pa mazenera atsopano n'kugona pamatebulo. Atsikana analowa, tinatseka chitseko, ndipo pang'onopang'ono chipinda chinafunda. Nyali sitinayatse. Mbaula inakhala panja. Mtsikana wina anavula juzi n'kuipachika pampando, anzake anamuyang'ana ngati wapenga, kenaka ena anavulanso. Dontho silinagwe ndi limodzi lomwe. Ahedi anabwera, anaima pakhomo kanthawi, n'kubwerera kuofesi.

Patapita masabata angapo ndinayamba kumva kafungo. Sikanali ka paini kaja. Kanali ka chinthu chonyowa chimene chakhalitsa, ngati chovala choiwalika m'ndowa. Kenaka pa thabwa lina la siling'i panaoneka banga lakuda. Ndinawauza akalipentala, anati matabwa atsopano amatero. Amisiri anali otanganidwa ndi mayeso a anyamata, anati adzaona. Koma ine funso linali litandigwira kale. Ife tinkapumabe monga kale. Ngati madzi aja anali athu, ndipo sakutigweranso, ndiye akupita kuti?

M'mawa wina wozizira kwambiri, phunziro lili mkati, ndinatuma atsikana awiri kukatenga makwerero kushedi. Mkazi kukwera makwerero chinali chinthu chosaoneka, makamaka mphunzitsi, ndiponso masiku amenewo buluku sitinkavala. Ndinauza mmodzi kuti atseke chitseko aime pomwepo. Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi n'kuchipisa pakati pa miyendo monga timachitira powoloka mtsinje. Atsikana anagwira makwerero akuseka chamumtima, ine n'kukwera. Ndinakankha kachitseko kaja ndi mutu.

Kumwambako kunali dziko lina. Kuzizira kunandimenya kumaso ngati ndatuluka panja, pamene miyendo yanga, imene inali idakali m'chipinda, inkamva kufunda. Ndinakhala choncho kanthawi, theka la thupi m'chisanu theka motentha, ndikudabwa kuti zonsezi zikulekanitsidwa ndi matumba amene tinasoka tokha. Ndinapisa dzanja pansi pa thumba lina, thabwa linali lofunda. Ndinagwira pamwamba pake, panali pozizira ndiponso ponyowa. Maso atazolowera kamdimako ndinayang'ana malata. Madontho anali ndandanda m'mizere yonse ngati mikanda, kuyambira pamene ndinali mpaka kumapeto kwa nyumba, ndipo ankagwa mwakachetechete pamatumba. Ena mwa matumbawo anali atachita chuku. Ndinakumbukira mphika uja umene ndinaupeza uli zii.

Ndikutsika ndinamva chitseko chikutsekuka. Mtsikana wolondera uja sakanatha kuwakaniza amisiri, amene anabwera kudzafuna makwerero awo. Atangoona mapazi anga m'mwamba anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma, ndipo anakhala choncho mpaka ndinafika pansi n'kukonza chitenje. Ndinkayembekeza kudzudzulidwa.

"Mwaonako chiyani kumeneko, aphunzitsi?" anafunsa asanatembenuke.

"Mvula ija ilipobe, abambo. Yangosamukira kumwamba. Matumba anyowa."

Anakwera okha, anakhalako nthawi yaitali kuposa ine, ndipo potsika nkhope yawo inali ya munthu amene akuwerengera ntchito yobwereza.

Palibe amene ankadziwa chochita motsimikiza. Amisiri ankaganiza kuti tinalakwitsa kumata mipata yonse, poti mpweya wathu unkakwera kudzera m'mipata ya matabwa n'kukasowa kotulukira. Ahedi ankaopa kuti tikatsekulanso, chisanu chibwerera ndipo ntchito yonse ikhala yachabe. Akalipentala ankati vuto ndi malata atsopano, akale sankatero kwambiri. Anakambirana masiku angapo. Pomaliza anagwirizana zoyesa pa chipinda changa chokha, poti chinali chakumapeto. Anyamata anachotsa njerwa zingapo pansonga ya khoma, pamwamba pa siling'i, anakanganulanso dothi lina pansi pa malata, n'kuikamo waya wa sefa kuti mileme isabwerere. Ife tinadula timizere ta nsalu zotsala, tinatiphika phala la ufa wa chinangwa, n'kumata mipata yonse ya matabwa kuchokera pansi. Siling'i inaoneka ngati chovala cha zigamba mpaka pamene anadzaipaka njereza.

Matumba onyowa anatsitsidwa n'kuyanikidwa pabwalo. Anthu odutsa pamsewu ankaima, ena anabwera kudzafunsa ngati sukulu yayamba kugulitsa matiresi. Mayi uja amene anandifunsa ngati tikubisa kanthu anabweranso, ndipo ulendo uno ndinamulowetsa m'kalasi kuti aone mwana wake. Anakhala pabenchi padzuwa, anamasula mpango umene anadzikulunga nawo m'khosi, ndipo anakhalitsa kuposa mmene ankafunira. Pochoka anati chipinda n'chabwino, koma iye ankakondabe kuona mwana wake ali pamsewu osachita kupempha.

Ahedi anandiitana kuofesi pa nkhani ya makwerero. Sanakalipe. Anati nkhani yamveka kale kumidzi, ndipo tsiku lina ndikafuna kudziwa za kudenga ndizituma mnyamata. Ndinavomera. Koma matumba atabwezeretsedwa, amisiri anayamba kuiwala makwerero awo m'chipinda changa Loweruka lililonse, ndipo ine sindinkawakumbutsa. Ndinakwerako kangapo. Kumwambako tsopano kunkadutsa kamphepo, madontho anali ochepa ndipo ankauma dzuwa likakwera. Matumba anakhala ouma. Pansi kufunda sikunasinthe. Amisiri ataona choncho anatsekula mipata ya nyumba yonse.

Ndinkaganiza kuti mafunso anga atha, koma chilimwe chinabweretsa lina. Ndinkaopa kuti dzuwa la mwezi wa khumi likafika tidzapsa ngati nyemba zija, poti tinali titadzikwirira tokha mu utuchi. Sizinatero. Dzuwa linali litakwera pamutu, silinkalowanso pa mazenera akumbuyo, ndipo masana malata akulira ndi kutentha m'chipinda munali mozizirira bwino kuposa pansi pa mtengo. Ndinawafunsa amisiri kuti chinthu chimodzi chingathe bwanji kutenthetsa nyengo ina n'kuziziritsa nyengo ina. Anati iwonso akudabwa, koma mwina utuchi sudziwa kumene kutentha kukuchokera, umangokana kuti kudutse. Ndinaona kuti zikumveka, koma ndinkafuna kudzionera.

Tchuthi chitafika ndinasoka kathumba kozungulira, kokwana botolo limodzi, n'kukadzaza utuchi wouma. Tsiku la ulendo ndinalawirira kukasupe wa m'tsinde mwa phiri, kumene madzi amatuluka ozizira mpaka kuwawa mano. Ndinadzaza mabotolo awiri. Limodzi ndinalilowetsa m'kathumba kaja n'kumanga kukamwa, linalo ndinangoliika m'chikwama. Ndinakwera basi yotsika msewu wa Khwekhwerere kupita kwathu. Pamene tinkatsika m'makhotamakhota muja kutentha kunkawonjezeka, anthu anayamba kuvula majekete, ana kulira. Basi inaima nthawi yaitali panjira injini itatentha. Ludzu linandigwira, mayi amene ndinakhala naye pampando ankayang'ana chikwama changa, koma sindinatsekule botolo lililonse.

Ndinafika kwathu dzuwa litapendeka. Mayi anga anali pakhonde akusenda mtedza. Titapatsana moni ndinawapempha makapu awiri. Madzi a m'botolo la m'chikwama anali ofunda ngati osambitsira khanda. Ndinamasula kathumba kaja, ndipo botolo linatuluka lozizira, moti linayamba kuchita thukuta pomwepo. Ndinawathirira. Anamwa pang'ono, anaima, anamwanso. Anatenga botolo n'kuligunditsa patsaya. Ndinawafotokozera zonse, za denga, za matumba, za nyemba, za makwerero ndinadumpha. Anamvetsera mpaka kumapeto, anapisa chala m'kathumbako, ananunkhiza utuchiwo. Kenaka anayang'ana chikwama changa, chimene tsopano chinali chopanda kanthu kupatula zovala.

"Madzi ndamwa, ndi okoma," anatero. "Koma mwana wanga, wachoka ku Dedza konse kuja wanyamula madzi? Nanga kachewere ali kuti?"

Mbatata ya kachewere, imene aliyense wochokera ku Dedza amabwera nayo, ndinali nditaiiwaliratu. Anaseka, anathira madzi otsalawo m'kapu, nawatengera bambo anga amene anali kuseri kwa nyumba akukonza khola la mbuzi.